Spuloketi ikugogoda: ndigule malabala ena a mu habu kapena ndingokhomeramo zitsulo?

Kabaza wa pa Nchalo: Akuluakulu a pagulu pano, mwaswera bwanji? Ndabwera ndi vuto la njinga. Yanga ndi yamoto ya 150cc, ndinagula yogwirako kale ntchito chaka chatha. Sabata yachitatu ino, ndikalowetsa giya wani n'kusiya klatchi, kumbuyo kukumveka "gu!" ngati wina waponya mwala m'ndowa. Ndikachepetsa moto kenako n'kuwonjezeranso, imayamba yatsomphoka kaye isanagwire liwiro. Dzulo ndinanyamula mayi wina wa dengu la tomato kuchokera pa Miseu Folo, potsika anandifunsa ngati ndangophunzira kumene kuyendetsa. Anthu pa siteji kuseka, ine manyazi. Tcheni ndakunga kawiri koma palibe chasintha. Mnyamata amene amatikonzera wamasula wilo, akuti malabala a mu habu (pakati pa wilo yakumbuyo pamene pamayambira masipoko) atha, ena asanduka ufa. Wandipatsa njira ziwiri: ndigule ena, apo ayi achotseretu zonse akhomeremo zitsulo kuti spuloketi (chozungulira cha mano chija chimene tcheni imakoka) igwirane ndi habu mpaka kalekale. Akuti ambiri akuchita zimenezo. Inu mukuti bwanji? M'thumba muli mphepo yokhayokha, ndangolipira kumene fizi.

Wa ku East Bank: Khomeramo zitsulo mphwanga, usatayepo nthawi. Ine ndinachita zimenezo miyezi 8 yapitayo. Tinadula tizidutswa ta paipi, n'kukhomera m'mabowo muja munali malabala. Chigogodo chinatha tsiku lomwelo. Ndikangokhudza moto njinga imanyamuka pompo. Malabala a masiku ano ndi kutaya ndalama, miyezi itatu sakwana.

Mwana wa Tengani ku Joni: Eee, zayambika. Dikirani madala a ku Ngabu adzuke, muona.

Mekaniki Wakale wa ku Ngabu: Ndadzuka kalekale mwana iwe, kuno tulo ta masana timatha ndi kutentha. Wa pa Nchalo, ndisanakuyankhe ndiuze kaye: spuloketi yako yamangidwa bwanji? Njinga zimene zadzaza kuno ku Chigwa zili mitundu iwiri. Pali zina spuloketi ili ndi mabawuti anayi otulukira kumbuyo kwake, amene amalowa m'mabushi a labala okhomeredwa mu habu, ndipo kunja kwake kuli kawaya kozungulira, circlip, koletsa spuloketi kuvuka. Pali zinanso spuloketi imamangidwa pa mbale yakeyake yokhala ndi beringi, mbaleyo ili ndi zala zimene zimalowa pakati pa zigamphu za labala. Ukachotsa wilo, mbaleyo imatha kusolola ndi dzanja. Yako ndi iti?

Kabaza wa pa Nchalo: Mbuya, yanga ndi ya mabawuti anayi ndi kawaya kozungulira. Ndajambula, onani chithunzicho. Mabushi awiri labala yachokamo, changotsala chitsulo chake. Ufa wakudawo ndi umene unadzaza m'katimo.

Mekaniki Wakale wa ku Ngabu: Ndaona. Atha ndithu, sanakunamize mnyamatayo. Pamene wakusokeretsa ndi pa njira yachiwiriyo. Ndilole ndifotokoze pang'ono, chifukwa ambiri mumayesa malabala amenewa anawaikamo kuti angodzaza malo.

Injini yako ili ndi pisitoni imodzi. Siikoka mosalala ngati mota ya pampu ya magetsi. Imamenya, n'kupuma, n'kumenyanso, monga mayi akusinja yekha pa mtondo: munsi umagwa kamodzi, kenako nthawi yotsalayo akuukweza. Pa injini za four-stroke ngati zathuzi moto umaphulika kamodzi crankshaft, shafiti imene pisitoni imazunguza, ikazungulira kawiri. Singano ya pa wotchi ikaloza 3000, kutanthauza kuzungulira ka 3000 pa mphindi, ndiye kuti injini ikumenya ka 1500 pa mphindi, komwe ndi ka 25 pa sekondi imodzi. Nkhonya zimenezo zina zimamezedwa ndi kulemera kwa flywheel, chitsulo chozungulira cha mu injini, zina ndi timalabala kapena timasipuling'i timene njinga zambiri zili nato kuseri kwa dengu la klatchi. Zotsalazo zimadutsa mu giyabokisi, n'kutsata tcheni mpaka kumbuyo. Wozilandira womaliza zisanafike ku habu ndi masipoko ndi malabala amene ukufuna kutayawo.

Ndipo nkhonya sizichokera ku injini kokha. Ukamathamanga pa msewu wa fumbi umene wachita mizeremizere ngati lata, wilo imadumpha, ikakhala m'malere imathamanga, ikatera imagwidwa mwadzidzidzi. Kugwidwa kumeneko kumabwerera m'mbuyo kudzera pa tcheni yomweyo mpaka ku mano a magiya. Ukakhomeramo zitsulo, nkhonya sizinathe ayi. Wangochotsa wozilandira wotchipa, ndiye zipita kwa wina.

Wa ku East Bank: Madala, ulemu wanu, koma zimenezo ndi za m'buku. Ine ndikunena zimene ndikuyenda nazo tsiku ndi tsiku, Thabwa mpaka Masenjere, matumba a mpunga kumbuyo. Miyezi 8. Chasweka n'chiyani?

Mwana wa Tengani ku Joni: Pamenepa ndiwayikireko kumbuyo pang'ono achimwene a ku East Bank. Njinga za mpikisano wa m'matope, zimene amati motocross, zilibe malabala mu habu. Spuloketi imamangidwa pa habu ndi mabawuti basi. Chifukwa chake n'chakuti pa mchenga ndi pa dothi lofewa tayala limaterereka pang'ono nthawi zonse, ndiye nthaka yomweyo ndi imene imameza nkhonya. Msewu wanu uja malo ambiri ndi fumbi ndi mchenga, mwina n'chifukwa chake mwapulumuka mpaka pano. Koma mnzathuyu ali pa Nchalo, tsiku lonse ali pa tala wa M1. Pa tala tayala limaluma, siliterereka.

Wa ku East Bank: Mwamva? Ngakhale azungu opanga mipikisano amachotsa.

Mwana wa Tengani ku Joni: Musamve mbali imodzi achimwene. Njinga zimenezo zimanyamula munthu mmodzi, ndipo eni ake amaphwasula injini pafupipafupi, amawerenga maola osati miyezi. Palibe amene amaikapo matumba awiri a mpunga ndi apongozi pamwamba.

Mlongo wa pa Livunzu: Pepani kulowerera nkhani ya abambo. Achimwene a ku East Bank, ine ndimagulitsa zitumbuwa moyang'anizana ndi pamene mumakonzetsa njinga. Si inu kodi amene mumabwera kudzamangitsa masipoko pafupifupi Loweruka lililonse? Ndipo tcheni ija munaponya kuseri kwa benchi yanga mwezi watha, si yachiwiri chaka chino?

Kabaza wa pa Nchalo: Hahaha, mboni yapezeka!

Wa ku East Bank: Chemwali, gulitsani zitumbuwa. Masipoko amamasuka chifukwa cha msewu, aliyense akudziwa mmene msewu wathu ulili. Tcheni nazonso n'zabodza masiku ano.

Mekaniki Wakale wa ku Ngabu: Mwina ndi msewu, sindikukana. Koma dzifunse wekha ngati unkamangitsa masipoko chomwechi usanakhomeremo mapaipi. Yankho usatiuze ife.

Wowotcherera wa pa Dyeratu: Ndilankhulepo ine amene ntchito zimenezi zimandipeza. Sabata siitha osabwera mnyamata atanyamula wilo paphewa, "madala tangowotchererani spuloketi pa habu." Choyamba, sizitheka. Habu ndi aluminiyamu, spuloketi ndi chitsulo. Ndi makina athu a ndodowa zinthu ziwirizi sizigwirana, ungangoboola habu n'kuwononga beringi ndi moto. Ndiye anthu amachita zimene anena a ku East Bank, kukhomera mapaipi kapena manati akuluakulu m'mabowo. Ena ndinawaona atasema mtengo wa tsanya n'kukhomeramo.

Chimene chimachitika kenako ndimachiona ine chifukwa amabwerera kwa ine. Chitsulo n'cholimba kuposa aluminiyamu. Paipi ija imamenya khoma la bowo tsiku ndi tsiku mpaka bowo lozungulira limasanduka ngati dzira. Likafika pamenepo ngakhale ugule mabushi atsopano salumanso, amangogwedera. Ena amabwera habu itang'aluka kuyambira pa bowo kulowera ku beringi. Imeneyo ine ndimakana kugwira. Ndimawauza akagule habu ina, akalukitsenso masipoko. Ndikudziwa ndikudzitsekera ndekha bizinesi ponena izi, koma sindikufuna kudzamva kuti wilo imene ndinagwira ine yamwaza munthu potsika phiri.

Mayi Geni a ku Bangula: Ine ndili ndi njinga ziwiri zimene anyamata amayendetsa n'kumandipatsa ya tsiku. Mmodzi anachita zimenezi osandiuza. Ndinamupatsa ndalama ya malabala, iye anaona kuti akhomeremo manati, ndalama adyere kanyenya. Patapita miyezi ingapo njinga inayamba kumangolira injini koma osayenda, ngati klatchi yapsa. Titapita nayo kwa okonza anapeza kuti timano ta pa shafiti pamene pamakhala spuloketi yaing'ono yakutsogolo tadyeka, spuloketi ikungozungulira payokha. Shafiti imeneyo siisinthidwa kunja, mpaka atsitse injini aigawe pakati. Njinga inakhala pa khonde masabata awiri tikudikira sipeya wochokera ku Limbe. Muwerengere nokha: masabata awiri opanda ya tsiku, sipeya, magasiketi, oyilo, wokonza. Mnyamatayo ndinamukhululukira poti ndi mwana wa mlamu wanga, koma ndikamuona mtima umawawabe.

Mekaniki Wakale wa ku Ngabu: Pepani mayi. Koma ndinene chilungamo, timano ta pa shafiti timathanso pa zifukwa zina: spuloketi yakutsogolo ikakhala yogwedera, kapena tcheni ikamakungidwa kwambiri ngati nsambo ya gitala. Ndaonapo zotere pa njinga zimene malabala ake ali bwinobwino. Sindingalumbire kuti manati okhawo ndiwo analakwa. Chimene ndinganene n'chakuti anathandizira kufulumizitsa maliro.

Mayi Geni a ku Bangula: Kaya anathandizira kaya anapha okha, ndalama inatuluka m'chitenje changa.

Mwana wa Tengani ku Joni: Mkangano umenewu musaone ngati ndi wa ife a 125 ndi 150 okha. Kuno pa galaji pamene ndimagwira ntchito pamabwera zinjinga za ku America zija, Harley-Davidson, ndipo eni ake amakangana nkhani yomweyi, kungoti chawo chimene amakanganirana chili kwina. Zimenezi injini yake ndi ya mapisitoni awiri oima ngati chilembo V, otalikirana madigiri 45, ndipo ina imakhala 1584cc, ina 1690cc. Tangoganizani, pisitoni imodzi yokha ikuposa injini zathu zisanu kuphatikiza. Komanso mapisitoniwo saphulika motalikirana mofanana, ina ikamenya inzake imatsatira pa madigiri 315, kenako mpata wa madigiri 405. N'chifukwa chake kaliridwe kake kamamveka ngati ng'oma yotsimphina.

Pakati pa injini ndi klatchi pali tcheni yake yamkati imene imasambira mu oyilo. Spuloketi ya tcheni imeneyo, ya pa crankshaft, ndi imene amaitcha compensator. Pa mitundu ikuluikulu ya kuyambira 2007 imakhala ya mano 34. Siinamangidwe gwa pa shafiti. Nkhope yake ili ndi timapiri ndi timaenje, ndipo moyang'anizana nayo pali chitsulo china chokhala ndi timapiri tofanana, chimene chimakankhidwa ndi masipuling'i aphanthiphanthi ooneka ngati timbale tosanjikiza. Injini ikamenya, timapiri tija timakwerana pang'ono, masipuling'i n'kufinyika, nkhonya n'kufewa. Ntchito yake ndi yomweyo ya malabala athu, kungoti iwo anagwiritsa ntchito chitsulo ndi sipuling'i.

Monga chitsulo chilichonse chokhulana ndi chinzake, chimatha. Chikatha umamva chigogodo poliza injini ndi pozimitsa, nthawi zina sitata imabwezedwa m'mbuyo. Ndiye mwini njinga amaima pamene waima mnzathu wa pa Nchalo: agule compensator ina, kapena aike spuloketi yolimba yopanda masipuling'i imene amaitcha eliminator. Ofuna eliminator amati palibenso chodzatha ndipo njinga imamvera moto msanga, mawu omwewo a achimwene a ku East Bank. Okana amati crankshaft ya njinga zimenezi ndi zidutswa zopanikizidwa pamodzi, ndiye ikamalandira nkhonya zosasefa ikhoza kupotoka, ndipo magiya nawo amamva. Ambiri amene amaika eliminator ndi aja anakonzetsa kale crankshaft n'kuiwotcherera kuti isasunthe. Ndipo onani izi: kuyambira 2008 kampaniyo inawonjezeranso malabala ku wilo yakumbuyo pa njinga zake za maulendo ataliatali, compensator ilipo kale. Anaona kuti wolandira nkhonya mmodzi sakukwana.

Wa ku East Bank: Ndiye ukatibweretsere imodzi pa Khirisimasi tidzaiyese pa Nkhate ndi matumba anayi.

Mwana wa Tengani ku Joni: Ikangotitimira mu mchenga wa kwanuko mudzafuna ngolo ya ng'ombe kuti muizule. Kulemera kwake kumapitirira makilogalamu 300.

Mphunzitsi wa ku Chididi: Ine sindidziwa za injini, ndimangokwera. Koma amene anakwerapo phiri lathu kuchokera ku Nsanje boma akudziwa kuti njinga yogogoda kumbuyo imatopetsa msana. Woyendetsa akangosintha giya, iwe mutu wako wagunda chipewa chake. Ine ndinafika pomasankha njinga pomva mmene ikunyamukira pa siteji. Anyamata dziwani kuti makasitomala timamva zimenezi ngakhale sitinena.

Kabaza wa pa Nchalo: Aphunzitsi mwandikumbutsa mayi wa tomato uja. Chabwino, zitsulo ndazisiya. Koma nkhani ya a ku East Bank yoti malabala a masiku ano sakhalitsa ndi yoona. Mnzanga anagula ena, miyezi iwiri anali atang'ambika. Nanga njira ija ena amachita yodula tayala lakale? Imeneyo ndi yaulere.

Mlangizi wa ku Chapananga: Imeneyo ndinachitapo ine. Nthawi ya Freddy, Malichi 2023, njinga yanga inakhala m'matope masiku angapo, ndipo kupita ku Blantyre kunali kovuta. Yanga ndi ya mbale ndi zigamphu. Nditatsegula ndinapeza mchenga wadzaza, zigamphu zaphwa, mbale ikusewera. Ndinadula chubu chakale n'kupanga timalamba, n'kulowetsa pakati pa chala cha mbale ndi labala, mbali zonse mofanana. Inagwira bwino, inandifikitsa mpaka misewu itatseguka. Koma patatha milungu ingapo timalambato tinayamba kutuluka ngati malilime. Ndi njira yofikira kunyumba, osati yokhalira.

Mekaniki Wakale wa ku Ngabu: Alangizi anena zoona. Pa habu ya zigamphu, chubu kapena chidutswa cha m'mbali mwa tayala la galimoto chimathandiza, bola chikhale chopanda mawaya ndipo zidutswa zonse zikhale zofanana. Chimodzi chikakula kuposa zinzake, chimasenza katundu chokha n'kuphwanyika msanga, kenako chinzake, kenako chinzake. Komabe labala iliyonse ndi yabwino kuposa chitsulo.

Koma pa habu yako wa pa Nchalo sizophweka choncho. Bushi yako ndi paipi yakunja, labala pakati, kapaipi kena m'kati, zonse zomatidwa pamodzi ku fakitale. Ukangopindira chubu m'bowo, bawuti ya spuloketi imachidula ngati lumo. Gula mabushi. Mtengo wake sufika pa wa tcheni, ndipo mtengo wa habu, kapena wa shafiti imene anena mayi a ku Bangula, uli kutali kwambiri.

Za kusakhalitsa, mbali ina ndi katundu wachabechabe, inde. Pogula tenga yakale ukayerekeze kukula, ndipo dinikiza labalayo ndi chikhadabo. Ikakhala gwa n'kumanyezimira ngati pulasitiki, isiye, idzasweka. Ikakhala yofewa ngati chingamu, isiyenso. Yabwino imalowa pang'ono n'kubwerera. Koma mbali ina timawapha tokha. Nonse mumathira oyilo wakuda wochotsa mu injini pa tcheni, mpaka kuchita kuyenderera. Oyilo ameneyo amalowa kuseri kwa spuloketi, ndipo labala ikamwa oyilo imatupa n'kufewa ngati mbatata yophika. Onjezerani kutentha kwa kuno mu Okutobala ndi Novembala, pamene ngakhale chishalo sichikhalika. Onjezeraninso buleki, poti ili mu habu momwemo: tsika mapiri aja kuchokera ku Blantyre mpaka pa Thabwa phazi lili pa buleki yakumbuyo, ukafika pa Kamuzu Bridge ukhudze habu uone ngati dzanja likhalapo. Malabala akuphikidwa m'menemo. Pomaliza katundu. Njinga anaipangira anthu awiri, ife tikuikapo anthu atatu ndi mbuzi.

Wa pa Marka: Mbuzi ndi pang'ono madala, ife kuno timanyamula zigubu zisanu ndi chimodzi. Tikanena za zigubu, kodi petulo pa Nchalo alipo lero? Kuno tikungodalira wa m'mabotolo.

Kabaza wa pa Nchalo: M'mawa analipo, mzere unali wautali ndithu.

Wa pa Marka: Ndiye wa m'mabotoloyu wina akumasakaniza ndi palafini, injini kumangotsokomola.

Admin: Abale, nkhani ya mafuta ili ndi ulusi wake, pitani kumeneko. Pano tithandize mnzathu amalize za habu.

Kabaza wa pa Nchalo: Takhuta a Admin. Mbuya a ku Ngabu, ndikapeza mabushi ndikufuna ndikayimirire pomwepo pamene akuika. Ndiyang'anire chiyani? Mnyamata wathuyu ndi wabwino mtima koma nyundo amaikonda kwambiri.

Mekaniki Wakale wa ku Ngabu: Nyundo ndiye mdani wa habu. Ntchito yovuta ndi kuchotsa akalewo, chifukwa labala ikachoka paipi yakunja imatsala itakakamira m'bowo ndi dzimbiri. Asapanikize sikuludiraiva pakati pa paipi ndi khoma n'kumamenya, adzakumba aluminiyamu. Atenge kachidutswa ka sowo yodulira zitsulo, acheke paipiyo m'kati mwake pang'onopang'ono mpaka itatsala pang'ono kuduka, kenako aipindire m'kati ndi kachizulo kakang'ono. Imatuluka yokha. Zimatenga nthawi, mugulire Fanta adekhe.

Akatsuka mabowo, atsopanowo alowe mowongoka. Pomenya asamenye kapaipi kam'kati, adzang'amba labala isanagwire n'komwe ntchito. Aike soketi yofanana ndi paipi yakunja pamwamba pake, azimenya soketiyo, habu itakhala pa thabwa osati pa simenti. Asinthe onse anayi, osati awiri okha amene aoneka kutha.

Kenako uyang'ane mabawuti a spuloketi. Ayenda nthawi yaitali akumenya chitsulo, ndiye mwina ena adyeka kapena kupindika. Wopindika asinthidwe. Uone circlip ngati ikadali ndi mphamvu, ndi kangalande kake pa habu ngati sikanadyeke, chifukwa kawaya kameneko kakavuka uli pa liwiro spuloketi imasuntha, tcheni n'kugwa, ndipo ikhoza kumanga wilo. Zungulitsa maberingi ndi chala, akamveka ngati muli mchenga sintha pomwepo wilo ili kale pansi.

Inu a habu za zigamphu, poika zatsopano zimalimba kulowa. Pakani madzi a sopo, osati girizi kapena oyilo. Ndipo musaiwale kapaipi kamene kamakhala pakati pa mbale ndi habu. Kamakonda kugwera mu fumbi, munthu n'kumanga ekiselo popanda iko, mawa beringi yatha.

Wowotcherera wa pa Dyeratu: Ndiwonjezere pa tcheni, poti wanena kuti wakunga kawiri pofuna kuthetsa chigogodo. Ndikukayika kuti panopa yakungika mopitirira. Pakati pa masipuloketi awiri izisewera mamilimita 20 mpaka 30 pa njinga zambiri zamtunduwu, ngati zala ziwiri zopingasa. Uyesenso munthu atakhalapo, chifukwa kumbuyo kukatsika tcheni imakungika. Ndipo timizere ta pa zokungira tifanane mbali zonse ziwiri.

Mayi Geni a ku Bangula: Madala, ine amene sindimasula wilo ndingadziwe bwanji kuti anyamata anga sanandichitenso zija?

Mekaniki Wakale wa ku Ngabu: N'zosavuta mayi. Injini ikhale yozima, njinga pa sitandi yapakati. Dzanja limodzi gwirani tayala, linalo gwirani spuloketi yakumbuyo ndi kansanza, muipotoze kutsogolo ndi kumbuyo. Malabala abwino amalola kusuntha pang'ono kwambiri, movutikira, mopanda phokoso, ndipo imabwerera yokha. Ikamasewera momasuka n'kumalira "kha kha", atha. Ikakhala gwa ngati mwala, suzumirani kuseri ndi tochi ya foni, mwina muli manati. Mukatero igwedezeni cham'mbali. Ikagwedera chotero ndiye ndi circlip kapena beringi ya mbale. Zala zikhale kutali ndi mano pamene wilo ikuzungulira.

Mayi Geni a ku Bangula: Mawa m'mawa asananyamuke ndiyesa zonse ziwiri. Wina agona ndi mantha lero, ali pagulu pompano akuwerenga.

Wa pa Marka: Hahaha, tulukira poyera mwana wa mlamu!

Kabaza wa pa Nchalo: Ndabweranso akuluakulu, papita masiku anayi. Apa ndinapeza mabushi a mtundu umodzi okha, onyezimira aja munanena, chikhadabo osalowa. Ndiye ndinatuma kondakitala wa minibasi amene ndimadziwana naye, ndinamupatsa bushi yakale m'kapepala ka shuga, anandigulira ku Limbe n'kubwera nawo madzulo. Dzulo tinagwira ntchito pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa siteji. Mnyamata uja poyamba anakwiya nditamulanda nyundo, akuti a pa foni akuphunzitsani umekaniki. Koma njira ya sowo ija atayesa pa bowo loyamba, paipi n'kutuluka ngati chikhokho cha nsima, anangoti zii, enawo anachita yekha osauzidwa.

Mbuya munalosera. Bawuti imodzi inali yopindika, ina itadyeka mpaka kuoneka khosi. Tasintha ziwirizo. Bowo limodzi linali litayamba kale kukula pang'ono chifukwa ndinayenda masabata atatu chitsulo chikumenya chitsulo, koma bushi yalumabe. Circlip tinaika yatsopano. Tcheni inalidi yokungika kwambiri, titaimasula tapeza kuti ili ndi malo ena olimba ena olefuka, ndiye imeneyo ndi masipuloketi ake zikudikira kumapeto kwa mwezi.

Chigogodo chatha. Lero ndapita ku Ngabu kawiri, ponyamuka ili phee, mpaka ndimadzifunsa ngati giya yalowa. Mbuya ndinakufunani pa msika kuti ndikugulireni chakumwa koma sindikudziwani nkhope.

Mekaniki Wakale wa ku Ngabu: Ukadzabweranso funsa mdala wa ovolosi yong'ambika pa bondo, aliyense akulozera. Bowo lakulalo uziliyang'ana mwezi uliwonse ndi njira ndawauza mayi a ku Bangula. Ndipo oyilo pa tcheni uzidontheza, usamathire ngati ukuthirira dimba.

Mayi Geni a ku Bangula: Ine ndinayesa. Imodzi ili bwino. Inayo ikulira "kha kha", ndipo mwini wake akuti anali pafupi kundiuza.

Wa ku East Bank: Ine zanga zikhala momwemo mpaka mpunga ugulitsidwe, njinga siingaime nyengo ino. Koma wa pa Nchalo, kondakitala wakoyo amadutsa pa Thabwa nthawi yanji?